Makangaza a Ukwati wa Kutsidya

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, ine ndi achimwene tinapeza pamudzi pathu palibe ngakhale chipupa choti n'kutsamira. Bambo ndi mayi tinawasiya kutsidya, m'manda a eni ake pafupi ndi kampu ya othawa nkhondo. Ine ndinali namwali wongotha kumene msinkhu, achimwene anali atangoyamba kumeta ndevu. Tinazungulirazungulira m'tchire lija, kumunsi kwa phiri la Tumbine kuno ku Milange, tikutsutsana za pamene panali nyumba, mpaka achimwene anaima n'kuloza.

"Chemwali, suwu mtengo wa bambo uja?"

Unalidi womwewo, mtengo waminga wamasamba ang'onoang'ono umene bambo anabzala kuseri kwa nkhokwe. Nthambi yake anachokera nayo ku esiteti ya tiyi kumene ankalima m'dimba la mzungu. Moto unauwaula mbali imodzi koma unaphukiranso kuchokera pansi. Bambo ankautchula roma, monga amanenera Apwitikizi. Anzathu a ku Malawi amati chimanga chachizungu chifukwa cha njere zake zothithikana m'kati. Kutchalitchi, powerenga Malembo, amati makangaza, ndipo ine ndinazolowera limeneli. Khumbi lathu loyamba tinamanga pafupi ndi mtengowo.

Pasaka woyamba titabwerera, abambo a kuparishi anabatiza ana ambiri obadwira kukampu, ndipo anthu a mbali yathu anagwirizana kuti aliyense abweretse chimene ali nacho tidyere pamodzi. Ife tinalibe chimera choti n'kuphikira thobwa, tinalibenso nkhuku. Chimene tinali nacho ndi zipatso za mtengo uja, ndi shuga pang'ono amene achimwene anabwera naye kuchokera kumalire, kumene ankanyamula matumba a chimanga panjinga. Ndinasenda zipatsozo, n'kuthira zonse mumtondo, njere pamodzi ndi zoyerayera za m'kati, n'kusinja ngati ndikusinja mtedza. Madzi ake anatuluka okongola, ofiira psuu. Koma kuwawa kwake! Akuluakulu anamwa mwaulemu akuyang'ana kumbali, ana analavula poyera. Ndinabwerera ndi mtsuko wanga uli pafupi kudzaza, ndikulira njira yonse.

Achimwene sankamwa mowa. M'mimba mwawo munawonongeka kukampu, moti ngakhale kachasu wongonunkhiza ankawagoneka. Pa chikondwerero chilichonse ankangokhala ndi kapu ya madzi anzawo akulandirana chipanda. Ndiye tsiku limenelo anatunga za mumtsuko muja, anamwa, anakwinya nkhope, kenaka anamwanso.

"Usataye mtima," anatero. "Mtundu wokha wakhoza. Kwatsala kukoma."

Chaka chimenecho ndi chotsatira chake anali wondilawira. Pang'onopang'ono ndinazindikira kuti chowawa ndi zoyera zija komanso mtima wolimba wa njere ukaphwanyika. Ndinasiya mtondo. Ndinaphunzira kudula kachisoti ka pamwamba pa chipatso, kuchilemba ndi mpeni m'mbali mwake, n'kuching'amba ndi manja m'beseni la madzi. Njere zimamira, zoyera zimayandama, ndipo umangoziyoola n'kutaya. Njerezo umazimanga m'nsalu yoyera yochapidwa bwino n'kumafinya mofatsa, osati mwaukali, mpaka nsalu itasiya kudontha. Pambali umawiritsa madzi ndi jinja wosinja ndi udzu wa tiyi umene kuno timati balakate, n'kusungunuliramo shuga. Zikazizira umaphatikiza, n'kufinyiramo ndimu, n'kuthira mumtsuko wadothi pamthunzi. Tsiku limene achimwene anamaliza kapu osakwinya nkhope, n'kundipatsanso kapuyo kuti ndiwatungirenso, ndinadziwa kuti ndafika.

Ndinadula nthambi n'kubzala mitengo ina m'mbali mwa bwalo, ndipo yonse inagwira. Zina ndizo sizinagwire. Ndinakwatiwa ndi mwamuna wa ku Vila, tauni yathu ya Milange, kalipentala, munthu wosakonda phokoso. Anadzamanga nyumba ya njerwa pamalo pathu pano. Tinakhala zaka zingapo popanda mwana. Tinayenda kuchipatala, tinayenda kwa azitsamba, tinapempheretsa. Tsiku lina ananena kuti wapeza ntchito ya madenga ku Mocuba. Anatenga zipangizo zake zonse, ngakhale macheka akale amene sankawagwiritsanso ntchito, ndipo nditaona machekawo akumangidwa panjinga sindinafunsenso za tsiku lobwerera. Achimwene nawo anali atakwatira ku Mongue, n'kukakhala kwa akazi awo monga mwa mwambo. Pamudzi ndinatsala ndekha ndi nkhuku.

Nthawi imeneyo n'kuti mbiri ya chakumwa changa itafala. Anthu ankachitchula sumu, liwu la Chipwitikizi la madzi a zipatso. Zipatso zimapsa mvula ikamatha, nthawi ya Pasaka mpaka anthu atakolola, ndipo imeneyo ndi nyengonso ya maubatizo ndi maukwati. Amayi a m'mipingo yosalola mowa ankabwera, Akatolika anzanga ankabweranso chifukwa cha ana ndi amayi oyembekezera. Ankaima pabwalo n'kunena kuti, "Loweruka kuli festa kwathu, musatitaye." Ku festa, ndiko kunena chikondwerero, ndinkapita. Koma ndinazindikira msanga kuti woitanidwa kwenikweni anali mtsuko, ine ndinali wounyamula chabe. Malo anga anali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mafuwa, ndikutunga ndi kutsuka makapu. Nyimbo ndinkazimvera kumeneko. Anthu akamabalalika, aliyense ndi wake, ena atabereka ana ogona, ine ndinkasenza mtsuko wopanda kanthu n'kubwerera kunyumba kumene kunalibe wondifunsa kuti zinayenda bwanji. Khungu la makangaza limadetsa zala, zimachita bii ngati wagwira mwaye, ndipo sopo sachotsa. Miyezi imeneyo aliyense pamsika ankadziwa ntchito yanga pongoona manja.

Kenaka alamu anga a ku Mongue anamwalira ndi malungo, n'kusiya mwana wamkazi wongoyamba kumene kulankhula bwino. Achibale a mayi ake anali ndi ana ambiri kale, ndipo sukulu kumeneko inali kutali. Achimwene anabwera naye panjinga, atamukhazika pakaliyala, miyendo atamumanga ndi kansalu kuti isalowe m'masipoko.

"Chemwali," anatero, "mwanayu akhale ndi iwe mpaka nditaona pogwira."

Anakhala mpaka anatha msinkhu. Za zaka zimenezo sindidziwa kuzifotokoza bwino, chifukwa munthu ukakhuta sulabadira zimene wadya. Ndimakumbukira kuti m'nyumba munali phokoso. Ndimakumbukira kumufunafuna nsapato m'mawa, ndi kumukalipira chifukwa chokwera mtengo waminga uja atavala yunifolomu. Pong'amba makangaza ankakhala tsidya lina la beseni, njere zambiri zikulowa m'kamwa kuposa m'mbale, milomo ili psuu, akukana kuti sanadye. Ku festa ankandiperekeza atanyamula thumba la makapu, ndipo pobwerera ankandisimbira zonse zimene zinachitika kutsogolo: amene anavina mpaka kugwa, amene analira, amene anabisa nyama m'kapulana, chitenje cha kwathu kuno. Ankanditchula azakhali, monga ziyenera, koma akadwala ankati amayi.

Atamaliza sukulu ya kuno, mng'ono wa mayi ake amene anakwatiwa ku Malawi anamutenga kuti akapitirize maphunziro kumeneko. Sindikanakana, mwana ndi wa kuchikazi. Anaphunzira za unamwino, anapeza ntchito ku Blantyre. Poyamba ankabwera pa Khirisimasi iliyonse, kenaka modumphadumpha, kenaka tinkangolankhulana pafoni. Achimwene anakwatiranso ku Mongue komweko, ndipo nawonso ndinkawaona pa maliro pokha.

Tsiku lina ndikuchotsa udzu m'munda wa nandolo foni inalira.

"Azakhali, ndapeza banja. Ukwati udzachitikira ku Mulanje, kwawo kwa mwamunayo, anthu akakolola. Koma ndanena kale, popanda sumu yanu ine sindivala velo."

Ndinaseka, ndinalira, ndinamufunsa za mwamunayo, sindinamve n'zimene anayankha. Kuyambira tsiku limenelo ndinakana festa zonse za chaka chimenecho. Amayi ena anakhumudwa, koma zipatso ndinazisungira iye. Zimene zinkafuna kung'aluka ndinkazithyola n'kuziika pamphasa m'chipinda chake chakale, pozizira. Zapamtengo ndinazimanga ndi tinsalu kuti mbalame zisajompe.

Ulendo wa kutsidya sufuna mtsuko, ndiye ndinaganiza zopanga sumu yokhathamira, yoti ndikaisungunulire komweko ndi madzi ozizira. Ntchitoyo ndinaiyamba Lachinayi m'mawa, ndekha pakhonde. Beseni linali lomwe lija, koma tsidya lake kunalibe munthu, ndipo njere zonse zinalowa m'mbale. Ndinang'amba mpaka zikhadabo zinayamba kuwawa, ndinafinya mpaka nsalu inabooka n'kutenga ina. Madziwo ndinawatenthetsa pamoto wofatsa pamodzi ndi shuga kuti asasase panjira. Polawa ndinadzipeza ndikutembenuka kuti ndipatse wina supuni andiuze ngati ndimu wakwana. Ndinalawanso ndekha, n'kuvomereza ndekha. Lachisanu dzuwa likupendeka chigubu chachikulu chinali chitadzaza, ndipo pamitengo panalibe chipatso ngakhale chimodzi.

Loweruka ndinavala kapulana watsopano ndi bulauzi imene ndinasoketsa pa Vila. Wanjinga anandifikitsa pamalire, chigubu atachimanga kumbuyo, ine ndikuchigwirira ndi dzanja limodzi. Pamalire panali piringupiringu wa masiku onse: amayi a madengu a tomato, anyamata osintha ndalama, onyamula katundu akukankha njinga zolemedwa ndi matumba. Wina anandifunsa ngati m'chigubumo muli mafuta ophikira. Nditamuuza kuti ndi sumu ya ukwati wa mwana wanga, anandithandiza kuwoloka nacho mlatho wa Muloza mpaka pokwerera minibasi. Ndinazindikira pambuyo pake kuti ndinati mwana wanga, ndipo palibe amene anandikonza.

Kutchalitchi ndinafika mwambo utayamba, ndinaima kumbuyo ndi chigubu changa pamapazi. Ndinamuona patali, msana wokha ndi velo. Atatuluka anthu anamuunjirira, galimoto zinaliza mahutala, ndipo ine ndinatsatira khamu wapansi mpaka kuholo.

Holoyo inali yokongoletsedwa moti ndinaopa kuponda. Matebulo anali ndi nsalu zoyera mbee, pa tebulo lililonse atandandalika mabotolo a zakumwa za m'sitolo. Pakhomo panaima mayi wina wojintcha, wa komiti yokonza ukwati, atavala nsalu yofanana ndi ya anzake.

"Amayi, chimenecho n'chiyani?"

"Ndi chakumwa cha makangaza. Mkwatibwi ndiye anandituma. Ndine azakhali ake, ndachokera ku Milange."

Anatsegula chivindikiro, ananunkhiza, anayang'ana zala zanga zakuda zija, kenaka anayang'ana nsalu za pamatebulo.

"Pepani amayi, ife sitinauzidwe. Zakumwa zinakonzedwa kale, ndipo nsaluzi n'zobwereka. Chofiira chonchi chikatayikira tiyankha chiyani? Kaikeni kukhitchini, tiona bwinobwino."

Sanalankhule mwachipongwe. Anali munthu wotopa amene ankafuna kuti tsiku lithe bwino. Ndinanyamula chigubu n'kuzungulira kuseri.

Nditabwerera m'holo ndinapeza mipando ya kutsogolo itadzaza. Achimwene anali kumeneko, atavala jekete lowakulira, imvi zili mbuu. Pambali pawo panakhala akazi awo atsopano, ndipo woyendetsa mwambo powatchula anati, "Bambo ndi mayi a mkwatibwi, imirirani anthu akuoneni." Anaimirira, anthu anawomba m'manja, nthungululu zinamveka. Achimwene anamwazamwaza maso m'holomo ngati akufuna wina. Kaya anandiona, sindikudziwa. Ndinali kumbuyo kwenikweni, pakati pa anthu osawadziwa amene ankalankhula za mitengo ya feteleza. Perekaniperekani atayamba ndinavina nawo kamodzi pagulu la "achibale onse a kuchikazi", ndinaponya zimene ndinali nazo m'lichero, ndinamuyandikira pang'ono mkwatibwi. Anali ataweramitsa mutu monga achitira akwatibwi, ndipo gulu linandikankhira kutsogolo ndisanamutchule.

Ndinatuluka n'kupita kumene ndinazolowera. Kuseri amayi ophika anali atatopa, maso ofiira ndi utsi, akupala miphika ya mpunga. Chigubu changa chinali pambali pa nkhuni, padzuwa. Ndinachikokera pamthunzi. Mayi wina wachikulire, amene ankalankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chilomwe ngati cha kwathu, anandifunsa kuti muli chiyani. Ndinapempha ndowa yoyera ndi madzi a pampopi, ndipo mtsikana wina anabweretsa madzi oundana amene anatsala m'bafa la mabotolo. Ndinasungunula, ndinatakasa, ndinatungira mayi uja.

Anamwa, anayang'ana m'kapumo, anamwanso.

"Anzanga, tasiyani miphikayo mubwere kuno."

Anamwa amayi ophika, anamwa otsuka mbale, anamwa anyamata owaza nkhuni ndi madalaivala amene ankadikira mabwana awo. Ndowa inatha, ndinasungunula ina. Ankandifunsa kuti ndi chipatso chanji, ndipo nditati chimanga chachizungu ena anadabwa kuti chimene chimangogwa kuseri kwa nyumba zawo n'kumadyedwa ndi nyerere chingakome chonchi. Ndinafotokoza za beseni la madzi ndi za nsalu. Anamvetsera, anandipatsa mpando ndi mbale ya mpunga. Anali anthu abwino. Koma si iwo amene ndinawamangira tinsalu pamitengo.

Dzuwa litapendeka, nyimbo zikugundabe m'kati, ndinamva mayi wachikulire uja akuti, "Ee, akwatibwi kukhitchini?" Nditacheuka ndinamuona akubwera, atakwinyira diresi m'manja kuti lisakhudze matope, mnzake womuperekeza akumuthamangira pambuyo.

"Azakhali! Ndakhala ndikukufunani. Angondiuza pompano kuti sumu anaibweza pakhomo. Ine ndinauza anthu, koma uthenga sunafike. Pepani, azakhali, pepani."

Ndinafuna kumukumbatira koma ndinakumbukira manja anga ndi kuyera kwa diresi, ndiye ndinangowabisa m'kapulana. Iye ndiye anandigwira m'mapewa.

"Yatsalako?"

Inali itatsala pansi pa ndowa. Ndinatunga kapu imodzi. Mnzake uja anakuwa kuti, "Diresi, iwe, diresi!" Mmodzi wa ophika anavula nsalu yake n'kumukoleka pachifuwa ngati mwana wodya phala. Anawerama, khosi atalitambasula kutsogolo, n'kumwa yonse osapumira. Atamaliza anapukuta pakamwa ndi nsalu ija.

"Mwawonjeza jinja," anatero.

"Pang'ono. Ndinalibe wondilawira."

Anandiyang'ana, maso ake anadzaza misozi, ndipo mnzakeyo anayamba kudandaula za zodzoladzola za kumaso. M'kati woyendetsa mwambo anali akuitana kale kuti mkwatibwi ali kuti, nthawi yodula keke yakwana. Anandikoka dzanja kuti tilowe limodzi. Ndinamuuza kuti atsogole, ndibwera ndikatsuka ndowa ya eni ake. Anathamanga. Nditatsuka ndowa ndinalowadi, koma anthu anali ataimirira onse, ndipo kekeyo ndinangomva kuti yadulidwa.

Achimwene tinakumana panja anthu akubalalika. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, akuliyang'ana.

"Ndamva kuti kuseri kunali sumu," anatero. "Ine andimwetsa za m'botolo, m'mimba mukuchita kuwira."

"Mukanabwera, achimwene."

"Akanandilola kudzuka pampando paja?"

Tinaseka pang'ono. Galimoto yopita nawo kumene anakonzeredwa malo inali ikudikira, akazi awo ali m'kati kale. Ine ndinagona kwa mayi wachilomwe uja, amene anandikakamiza kuti ndisawoloke madzulo. M'mawa ndinamulonjeza nthambi yoti abzale, ndinakwera minibasi, ndinawoloka mlatho chigubu chopanda kanthu chikundigunda m'mwendo. Kunyumba ndinapeza nkhuku zitalowa m'khitchini n'kutaya ufa. Mnansi wanga anabwera kudzafunsa za ukwati, ndipo ndinamufotokozera za diresi, za holo, za nsalu zoyera. Anati ndili ndi mwayi kulera mwana wotere. Ndinavomera, chifukwa n'zoona.

Chaka chotsatira, nyengo yozizira ikutha, mwana wanga uja anaimba foni kuti wabereka mwana wamwamuna, ndipo ubatizo udzakhala mu Novembala ku Blantyre. Anati ulendo uno wauza aliyense, apongozi ake omwe, kuti chakumwa ndi cha azakhali basi. Sindinamuuze pafonipo kuti mwezi umenewo mitengo imakhala ndi maluwa okhaokha. Ndinapita ndi kapulana woberekera mwana ndi nkhuku imodzi. Atamva chifukwa chimene ndinabwerera wopanda sumu anaseka n'kudzimenya pachipumi kuti waiwala nyengo za kwawo. Anandikhazika pampando wofewa m'chipinda chochezera, pakati pa alendo, n'kundipatsa botolo ndi kapu yagalasi. Kukhitchini anandiletsa. Ndinakhala pamenepo tsiku lonse, anthu akundipatsa moni mwaulemu n'kupitiriza nkhani zawo za kuntchito, mpaka wina anandipatsa mwanayo kuti ndimugwirire. Anagona pamiyendo panga mpaka alendo anatha. Mayi ake anandipempha kuti ndikhale sabata yonse, koma mvula yoyamba inali itagwa kale kwathu ndipo munda unali usanabzalidwe, choncho Lolemba ndinanyamuka.